Funsani a Makaniko: Pikapu ya m'matope ikamapita ku COF

Mvula yakata, fodya wayamba kulowa m'mabelo, ndipo makalata a mwezi uno ambiri ndi a nkhani imodzi: COF, kapepala kaja komata pagalasi kotsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Olemba ambiri ndi eni mapikapu ndi magalimoto ena a 4x4 amene akhala dzinja lonse m'matope a kuno ku Kasungu ndi ku Mchinji. Mafunso ofanana ndawaphatikiza, ataliatali ndawadula.

FUNSO: A Makaniko, ndili ndi Hilux ya singo kabu, ya injini ya 5L. Dzinja lonse yakhala ikupita kumunda, kuwoloka madambo, kunyamula feteleza ndi aganyu. COF yake ikutha mwezi wamawa, nthawi yomwenso ndiyambe kututa mabelo kupita ku Chinkhoma. Chaka chatha anaibweza, akuti mabuleki akumbuyo sakugwira, chonsecho ine ndikaponda imaima bwinobwino. Ndiyambire pati kuti asandibwezenso?
Mlimi wa fodya, Chamama

YANKHO: Bambo, musanagule sipeya ngakhale imodzi, itsukeni galimotoyo kunsi. Sindikunena kutsuka kwa anyamata a pa depoti kuja, kopukuta bodi mpaka kuwala n'kupaka matayala polishi. Pitani pomwe ali ndi makina opopa madzi mwamphamvu, aikweze, atsuke m'kati mwa chasisi, pamwamba pa thanki, kuseri kwa matayala, m'masipuling'i ndi kuzungulira difu (chibokosi cha magiya chapakati pa akiselo). Katondo wathuyu akauma amamatirira zolimba, ndipo pansi pake ndi pomwe pamabisala zonse zimene woyeza akufuna kuona: paipi ya buleki yodyeka ndi dzimbiri, oyilo wodontha, mng'alu pa chasisi. Mukatsuka iyendetseni masiku angapo, kenako mulowe pansi ndi tochi. Pomwe panyowa mwatsopano, pamenepo ndiye pakutuluka.

Za mabuleki, ndikukukhulupirirani kuti mukaponda imaima. Koma amene anakubwezaniwo sanakulakwireni. Galimoto ikamaima kulemera kwake kumathamangira kutsogolo, choncho ntchito yaikulu amagwira ndi mabuleki akutsogolo. Pikapu yopanda katundu, pa liwiro la m'misewu ya kwanuko, ikhoza kumaima ndi akutsogolo okha inu osadziwa kanthu. Komanso vuto limeneli silibwera tsiku limodzi. Limabwera pang'onopang'ono, phazi lanu n'kumazolowera kuponda mozama, kuyambira patali, kubweza giya musanafike pakona. Mpaka mumaiwala kuti kale simunkatero. Makina oyezera alibe chizolowezi chimenecho. Amaika matayala pa marola ozungulira n'kuyeza tayala lililonse palokha, lakumanzere kulifanizira ndi lakumanja. Popanda makinawo, mudzadziwira pachitunda kuti kumbuyo kulibe mabuleki, mabelo ali mpaka pamwamba, mbuzi italowa mumsewu.

Hilux yanu kumbuyo ili ndi madiramu. Achotsedwe onse awiri, osati kungosuzumira pa kabowo. M'diramu ya galimoto yowoloka madambo mumakhala matope ouma osakanikirana ndi fumbi la mashuzi (zigamba za buleki zokhuza diramu m'kati), ndipo kachitsulo kosendeza mashuzi kufupi ndi diramu kamakhala katagwira dzimbiri. Kakagwira, mashuzi amadyeka osasendezedwa, mpata n'kumakula. Tsukani ndi madzi kapena mankhwala otsukira mabuleki. Fumbilo musaliuzire ndi pakamwa kapena kompuresa, limawononga chifuwa. Kenako tukulani timalabala ta m'mbali mwa silinda ya buleki. Mukapeza monyowa, silindayo yatha. Nunkhizaninso mashuzi: akamamveka fungo la oyilo wa m'difu, ndiye kuti silo ya akiselo (kalabala kotchinga oyilo) yaboola. Mashuzi omwa oyilo sachira. Ndimaona anthu akuwatsuka ndi petulo, ena kuwawamba pamoto, koma akangotentha pamsewu oyilo uja amatulukanso. Sinthani silo, sinthani mashuzi, ndipo musinthe mbali zonse ziwiri. Mukasintha mbali imodzi makina adzapeza kuti tayala lina likugwira kuposa linzake, mubwereranso.

Silo ya akiselo siboola popanda chifukwa. Pamwamba pa difu pali kapaipi kakang'ono kopumira. Matope akakatseka, mpweya wotentha wa m'difu umasowa potulukira ndipo umakankha oyilo pa silo. Kakhalenso kotseguka, inu n'kulowa m'madzi ozizira difu ili yotentha, difuyo imayamwa madzi. Masulani boti yothirira oyilo, mulowetse chala. Oyilo akaoneka wa mtundu wa tiyi wamkaka, muli madzi, akhetsedwe, difu yakutsogolo ndi yakumbuyo yomwe.

Pali chinthu china chimene amakaniko ambiri a pansi pa mtengo amachidumpha, ndipo kwa inu alimi a fodya ndi chimene ndimachikayikira poyamba. Pa chasisi cha kumbuyo pali valavu yokhala ndi kandodo kachitsulo kolumikizidwa ku akiselo. Ntchito yake ndi kumva katundu. Pikapu ikalemedwa n'kutsika, valavu imatsegulira mabuleki akumbuyo mphamvu yambiri. Ikakhala yopanda kanthu imachepetsa, kuti matayala akumbuyo asamakhukhuluzike. Tsono ambiri a inu mumawonjezera mapulanga a sipuling'i kuti galimoto isagwade ndi mabelo. Mukatero kumbuyo kumakwera, valavu ija n'kumawerenga kuti galimoto ilibe katundu nthawi zonse, mabuleki akumbuyo n'kufooka. Ngati munawonjezera mapulanga, kapena kandodoko kanapindika pa chitsa, uzani makaniko wanu aikonze valavuyo igwirizane ndi msinkhu watsopano. Koma asaichotse n'kulumikiza paipi molunjika monga ena amachitira. Mukatero, tsiku lina pa msewu wafumbi mudzaponda buleki, kumbuyo kwa galimoto n'kutembenukira kutsogolo.

Handibuleki nayo imayezedwa. Chingwe chake chimalowa matope n'kuuma, mwina kutamuka. Iyenera kugwira isanafike kumapeto, ndipo iyimitse galimoto pachitunda giya ili pa nyutulo. Mwala umene mumayenda nawo kuseri kwa mpando woyeza sauwerengera.

Madzi a buleki amayamwa chinyezi, n'chifukwa chake amafunika kusintha pakatha zaka ziwiri zilizonse. Akada, khetsani onse muthire atsopano a mtundu wolembedwa pa chitsekerero, DOT 3 kapena DOT 4. Pindani mapaipi a labala opita ku matayala muone ngati ayamba ming'alu, ndipo musaiwale mapadi akutsogolo.

Mukamaliza dziyezeni nokha. Kwezani kumbuyo pa jeke, muikeponso zochirikiza, wina azungulitse tayala, inu muponde. Matayala onse awiri aime nji, ndipo mukachotsa phazi amasuke. Kenako pa msewu wafumbi wosalala, popanda anthu, thamangani pang'ono muponde mwamphamvu, chiwongolero mutachigwira mopepuka. Ikakokera kumanzere kapena kumanja, ntchito sinathe. Mukayenda kamtunda yandikizani dzanja pa madiramu: ina ikamatentha kwambiri inzake ili zii, pali yomwe ikukhukhuza kapena yomwe sikugwira. Zonsezi yambani kutatsala masabata atatu kapena anayi. Masipeya ena muchita kuitanitsa ku Lilongwe, ndipo sizachilendo kuti oyamba abwere olakwika.

FUNSO: Ine ndine mayi, ndimasunga chuma ndi kuyang'anira galimoto pa bungwe lathu la alimi. Tili ndi Land Cruiser ya pikapu. Kuseri kwa matayala akutsogolo kumakhala girizi wakuda wochucha, ndipo ikagunda bampu ili pa liwiro chiwongolero chimanjenjemera koopsa. A dalaivala akuti Land Cruiser iliyonse imatero, sizingatilepheretse COF. Ine za magalimoto sindidziwa. Ndiwakhulupirire?
Msungichuma, Mkanda, Mchinji

YANKHO: Mayi, a dalaivala anuwo anena zoona pang'ono pokha. Land Cruiser ya mtundu umenewu kutsogolo ili ndi akiselo imodzi yolimba, ndipo kumapeto kwake mbali zonse kuli chitsulo chobulungira pomwe tayala limakhotera. M'kati mwake muli joini yomwe imakhala m'girizi. Kagirizi kochepa kopaka pa chitsulo chobulungiracho ndi kabwinobwino, pamenepo akulondola. Koma girizi akafika pochucha, wamadzimadzi, wonunkha oyilo wa m'difu, ndiye kuti silo ya m'kati yatha. Oyilo akulowa kwa girizi, akumusungunula, ndipo zotsatira zake n'ziwiri: joini ikutsala youma, zochuchazo zikulowera ku mabuleki. Woyeza akaona zimenezo sangazilole. Mankhwala ake ndi kumasula mbali zonse ziwiri, kusintha masilo ndi maberingi, kuikamo girizi watsopano. Ndi ntchito yonyansa ya tsiku lathunthu. Munthu akakuuzani kuti aichita pa ola limodzi, dziwani kuti angopukuta kunja.

Kunjenjemerako ndiye musakulole n'komwe. Ndipo kuti mupeze chomwe chavuta simufunika kudziwa za injini, mufunika maso ndi chitenje choti mugwadirepo. Galimoto iime pamalo osalala. A dalaivala akhale m'kati azigwedeza chiwongolero uku ndi uku, pang'onopang'ono koma mosalekeza. Inu gwadani kutsogolo muyang'ane ndodo zachitsulo zochokera ku bokosi la chiwongolero kupita ku matayala. Kumapeto kwa ndodo iliyonse kuli joini, amakaniko timati tayirodi endi. Ndodo ndi chomwe yalumikizako ziyenera kuyenda limodzi. Mukaona china chayamba kuyenda chinzake chikudikira, kapena mukamva go go, joini imeneyo yatha. Labala wake akang'ambika ndiye kuti mchenga unalowa kalekale.

Kenako aikweze pa jeke. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi, mulikankhe ndi kulikoka. Likamagwedera, uzani a dalaivala aponde buleki, inu mugwedezenso. Kugwedera kukatha, ndi beringi ya tayala, mwina ingofuna kumanga. Kukapitirira buleki ili yoponda, ndi maberingi a pomwe tayala limakhotera, omwe aja a ntchito ya tsiku lathunthu.

Ma Land Cruiser a pikapu opangidwa kuyambira 1999, omwe amatchedwa 79, kutsogolo ali ndi masipuling'i ozungulira m'malo mwa amapulanga. Amenewa ali ndi ndodo yopingasa yogwira akiselo kuti isamapite m'mbali, ndipo mabushi a ndodo imeneyi akatha, galimoto imanjenjemera ndendende momwe mwafotokozeramu. Onetsetsani kuti ayang'anidwa. Wina akakuuzani kuti mungogula shoko ya chiwongolero, kanani. Shoko yatsopano imabisa kunjenjemera kwa miyezi ingapo, zotha zija zikuthabe. Yambani ndi zosalira ndalama: matope ouma m'kati mwa rimu nawo amagwedeza chiwongolero, choncho atsuke marimu, matayala akawabalansitse.

Misewu yafumbi ya kwanuko m'chilimwe imakhala ndi mabampu ang'onoang'ono osatha aja, ndipo amenewa amamasula maboti. Aone maboti omanga masipuling'i akumbuyo ku akiselo, awerenge mapulanga ngati palibe lothyoka, aone mashoko ngati sakudontha, ayang'anenso chasisi pomwe pamangidwa bokosi la chiwongolero ndi mashoko, poti ming'alu imakonda kuyambira pamenepo. Handibuleki ya magalimoto amenewa imadziwika ndi ulesi. Ayambe kuisintha ku matayala, chingwe pambuyo.

Popeza ndalama ndi za gulu, ndikupatseni kamodzi aka. Ku galaja pitani nawo, ndipo chitsulo chilichonse chosinthidwa mubwere nacho m'thumba. Sikuti ndikuwaganizira zoipa a dalaivala. Pali amakaniko ena amene tayirodi yotha amaikhoma ndi hamala kuti ilimbe, n'kulemba kuti agula yatsopano. Yokhomayo imatha kupirira tsiku loyeza, koma ikazuka pamsewu tayala limapita kwake, chiwongolero kwake.

FUNSO: Mnzanga akuti makina oyezera mabuleki amawononga giyabokosi ya magalimoto a 4x4. Ine ndili ndi Prado. Ndi zoona?
Mphunzitsi, Mtunthama

YANKHO: Aphunzitsi, zimatengera mtundu. Hilux, Hardbody, Isuzu KB ndi Land Cruiser ya pikapu zimayenda ndi matayala akumbuyo okha mpaka mwini wake atalowetsa 4x4. Zimenezi zilibe vuto: kandodo kakhale pa 2H, mahabu akutsogolo, ngati ndi otembenuza pamanja, akhale pa FREE. Prado yanu ndi ina. Pa ma Prado ambiri matayala onse anayi amakoka nthawi zonse, kutsogolo ndi kumbuyo kutalumikizidwa ndi difu yapakati. Marola akamazungulitsa akiselo imodzi inzake ili chiimire, difu yapakatiyo ndi imene imavutika, ndipo ikakhala yokhoma galimoto imalumpha kuchoka pa marola. Choncho onetsetsani kuti loko yapakati ndi yomasula, kanyali kake kazima, ndipo muwauze oyeza galimoto isanakwere pa makina kuti iyi imakoka ndi onse anayi nthawi zonse. Iwo ali ndi kayezedwe ka magalimoto otere. Musangokhala chete poopa kuoneka odziwa zambiri.

FUNSO: Ankolo, ndagula Hardbody. Ndaiika bulubaa, magetsi a sipoti anayi ndi nyali yaitali ya LED padenga. Matayala awiri atha, koma mnzanga wati andibwereka ake tsiku loyezetsa lokha. Palibe vuto eti?
Mnyamata wa geni ya soya, Kamwendo

YANKHO: Mphwanga, ndalama za matayala awiri unali nazo, unazipachika padenga. Matayala obwereka akhoza kukudutsitsa, inde. Mawa lake udzabweza, mkuja udzakhala pa msewu wa M12 ndi matumba a soya, pa matayala osalala, dzuwa likuswa mtengo. Apolisi a pa lodibuloko amayang'ananso matayala, sayang'ana kapepala kokha.

Suzumira m'mizere ya tayala, upeza timilatho ta labala topingasa. Opanga amatiika pa msinkhu wa mamilimita 1.6. Mapazi a tayala akafanana nato, latha. Ndipo muyeso umenewo ndi wa pa tala. M'matope tayala limasiya kugwira lisanafike n'komwe pamenepo. Kwathu kuno matayala ambiri amafera m'mbali, chifukwa cha zitsa za m'minda ndi miyala. Yang'ana mbali zonse, ya m'kati yomwe. Chotupa pambali, kapena bala loonetsa ulusi, tayala limenelo lichoke, ngakhale mapazi ali atsopano. Chigamba cha pambali sichiwerengedwa.

Ukafuna a kaunjika, phunzira kuwerenga zaka. Pambali pa tayala, kumapeto kwa mzere woyamba ndi zilembo DOT, pali manambala anayi. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka: 2319 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala likhoza kukhala ndi mapazi okongola koma labala wake atauma ndi ukalamba, timing'alu tili mbwee m'mbali. Onanso kuti ndi lonyamula katundu, lolembedwa LT kapena C, osati la galimoto yaing'ono. Pa akiselo imodzi pakhale matayala ofanana, ndipo pa 4x4 onse anayi akhale a saizi imodzi, apo ayi tsiku lomwe udzalowetse 4x4 magiya azidzalimbana okhaokha. Sipeya ikhale ndi mpweya. Werenga manati: tayala la mabowo 6 likhale ndi manati 6, osati 4 monga ndimaonera pa mapikapu a matola.

Za magetsi ako, woyeza sadzayamba ndi a padenga. Adzayamba ndi omwe galimoto inabadwa nawo: akuluakulu, apaki, maindiketa, a buleki, a rivesi, ndi kakang'ono kowunikira nambala kumbuyo, komwe aliyense amakaiwala. Pa galimoto ya m'matope kawirikawiri vuto silikhala babu, limakhala waya wa ethi wodyeka dzimbiri. Yesa chonchi: yatsa indiketa, wina aponde buleki. Magetsi onse akumbuyo akayamba kuphethira limodzi mofooka, pala pomwe waya wa ethi wamangidwa ku bodi. Madzulo imika galimoto moyang'ana khoma, uyatse magetsi otsika. Onse awiri aunike pa msinkhu umodzi, kuwala kutsike, kupendekere kumanzere, chifukwa ife timayenda kumanzere. Magalimoto ochokera ku Japan amabwera ali choncho kale. Chomwe chimasokoneza ndi mababu a LED otchipa oikidwa m'nyali zomwe zinapangidwira mababu akale: kuwala kumamwazika paliponse.

Masipoti ndi nyali yaitaliyo zikhale ndi switchi yakeyake, rile ndi fyuzi, ndipo zilumikizidwe moti ukatsitsa magetsi nazo zizime. Malo ake ndi kutchire. Pa M12 usiku pamakhala akabaza, ngolo ndi anthu oyenda pansi, ndipo dalaivala amene wam'thobwa m'maso ndi amene adzawagunde. Bulubaa ikhale yomangidwa ku chasisi ndi maboti olimba, isabise indiketa kapena nambala, isakhale ndi nsonga.

Zotsalazo n'zazing'ono koma zimabweza anthu tsiku lililonse: hutala, mawaipa ndi madzi ake, magalasi oonera kumbuyo, malamba a mipando omwe amakola, galasi lakutsogolo losang'ambika pamaso pa dalaivala, malifulekita oyera kutsogolo ndi ofiira kumbuyo. M'galimoto mukhale matirayango awiri ndi chozimitsira moto. Batire limangidwe ndi chitsulo chake, osati mphira za chubu.

FUNSO: Land Cruiser yanga ya injini ya 1HZ ikutulutsa utsi wakuda ndikaponda moto. Ena akuti ndithire mankhwala m'thanki tsiku loyezetsa.
Wamalonda, Santhe

YANKHO: Achimwene, utsi wakuda umatanthauza kuti dizilo wachuluka kuposa mpweya. Ndiye yambani ndi mpweya. Tsegulani eyakilina. Ndi fumbi la msewu wa kwanuko, mwina mupeza yatsekeka yonse. Iuzireni ndi kompuresa kuchokera m'kati kupita kunja, musaimenyetse pa tayala kapena pamwala, pepala lake limang'ambika fumbi n'kumalowa mu injini. Ikakhala yakale gulani ina. Sinthani fyuluta ya dizilo, mukhetse madzi pansi pake, makamaka ngati mumathira wa m'zigubu. Utsi ukapitirira, manozo akayezedwe kwa odziwa mapampu. Funsaninso ngati wina sanapotoze sikuluwu ya pampu kuti galimoto ikhale ndi mphamvu. 1HZ ilibe tebo, dizilo wowonjezerayo amangosanduka utsi ndi kutentha. Utsi wabuluu ndi oyilo akupsa, ndipo umenewo palibe botolo lomwe lingauchotse. Onani ekizozi ngati sinabooke kapena kuthyoka pomangira. Tsiku loyeza musapite injini ili yozizira: ithamangitseni kaye pa tala itenthe bwino, mwaye wa m'paipi utuluke.

FUNSO: Ndinagula Hilux kwa munthu wina, bulubuku ikadali m'dzina lake. Chaka chino injini inafa, ndinaikamo ina. Bambo wina amene amakhala pa geti la kumalo oyezera wati ndimupatse ndalama, COF ituluka galimoto ili kunyumba. Nditero?
Woyendetsa chigayo, Kapiri

YANKHO: Ayi bambo, musatero. Ameneyo ndi dobadoba, ndipo mavuto anu awiriwo sangawathetse, angowakwirira.

COF imachokera ku nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, yomwe tonse timangoti ku Road Traffic, motsatira lamulo la pamsewu la 1997. Kuyeza kumachitika kumeneko kapena kumalo oyezera omwe boma linawavomereza. Kuyambira 2015 zonse zili m'kompyuta ya MalTIS: galimoto, mwini wake, nambala ya chasisi, nambala ya injini. Woyeza asanaone buleki amayamba waona ngati galimoto yomwe yaima patsogolo pake ndi yomwe ili m'mapepala. Yanuyo panopa injini ndi ina, mwini wake ndi wina.

Choncho konzani mapepala kaye. Mufuneni amene anakugulitsaniyo akadapezeka, mupite naye mukasinthe umwini. Nkhani zovuta kwambiri zomwe ndimamva pa galaja ndi za anthu amene anazengereza mpaka wogulitsa anasamukira ku Joni kapena anamwalira, achibale n'kuyamba kunena kuti galimotoyo ndi ya masiye. Lisiti ya injini yatsopano isungeni bwino, ikhale ndi nambala ya injiniyo, ndipo mukadziwitse a Road Traffic kuti alembe nambala yatsopano. Ngati lisitiyo mulibe, bwererani kwa amene anakugulitsani injini akulembereni. Inshuwalansi ikhale yamoyo.

Nambala ya chasisi ipezeni nokha musanapite. Pa ma Toyota ambiri inadindidwa pa chasisi kudzanja lamanja, cha ku tayala lakutsogolo, malo omwe matope amakonda. Palani ndi bulashi ya waya, mupake kagirizi kuti isachite dzimbiri. Musayandikizepo girayinda, ndipo wowotcherera asakhudze pafupi pake, chifukwa nambala yooneka yokhudzidwa imasandutsa nkhani ya COF kukhala nkhani ya kupolisi.

Kapepala ka dobadoba kakhoza kukhala kabodza, inu osadziwa mpaka tsiku lomwe wapolisi adzakafufuze. Ndipo pakachitika ngozi, a inshuwalansi akapeza kuti nambala ya injini sikugwirizana kapena COF sinatuluke mwanjira yake, mwawapatsa chifukwa chokanira kulipira. Kulephera mayeso si mlandu. Amakuuzani zomwe zalakwika, mumakakonza n'kubwerera. Pitani m'mawa, kumbuyo kulibe katundu, mutatenga bulubuku, khadi lanu la ku Road Traffic ndi pepala la inshuwalansi, komanso mababu angapo, mafyuzi ndi sikuludiraiva m'thumba, poti babu limatha kupsa muli pamzere.

Bambo a ku Chulu amene munafunsa za winchi ndi paipi yokweza mpweya ya powolokera mitsinje, malo atha. Ndikuyankhani mwezi wamawa.